Zimene zimapatsa mtengo ndalama zakale zamapepala za m'maiko olamulidwa ndi Spain

Munthu amene wayamba kusonkhanitsa ndalama zamapepala zomwe zinkagwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Spain sachedwa kudabwa ndi chinthu chimodzi: ngakhale kuti ufumuwo unakhala zaka zoposa 300 ku America ndi ku Asia, mapepala oterewa ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anasindikizidwa m'zaka 50 zomalizira za ulamulirowo. Chifukwa chake n'chakuti chuma cha Spain chinali siliva. Malo osulira ndalama zachitsulo anakhazikitsidwa ku Mexico City mu 1535, ena n'kutsatira ku Lima ndi ku Potosí, moti ndalama yasiliva ya mareal 8, yomwe inkatchedwanso peso, inkalandiridwa ndi amalonda kuyambira ku Sevilla mpaka ku Canton. Ufumu wa migodi yotere sunkafuna pepala. Pepala linkatulukira siliva akasowa, choncho pafupifupi ndalama iliyonse yapepala ya nthawi imeneyo ndi mboni ya vuto linalake, kaya nkhondo, kaya chombo chimene sichinafike, kaya boma limene linalibe cholipira asilikali ake.

Chilumba cha Puerto Rico chimaonetsa bwino zimenezi. Chilumbachi chinalibe msonkho wokwanira kuyendetsera boma ndi kulipira asilikali olondera doko la San Juan, kotero chinkadalira thandizo la siliva lotchedwa situado, limene linkatumizidwa kuchokera m'nkhokwe za boma ku Mexico. Thandizoli linkachedwa kawirikawiri, ndipo mu 1766 akuluakulu a pachilumbapo anatulutsa timapepala ta mareal 8 kuti tiyambe tagwira ntchito kufikira siliva atabwera. Kuukira boma kutayamba ku Mexico mu 1810, situado analekeratu, ndipo bwanamkubwa Salvador Meléndez Bruna analola kuti mapepala ena ambiri atulutsidwe. Anali osindikizidwa mosalongosoka, osavuta kukopera, ndipo anatsika mphamvu mofulumira kwambiri, mpaka woyang'anira chuma Alejandro Ramírez, amene anayamba ntchito mu 1813, anagwira ntchito yowachotsa m'manja mwa anthu. Kuchotsako kunatheka, ndipo n'chifukwa chake lero mapepala a nthawi imeneyo ndi osowa zedi.

Pamenepa pali mfundo imene, m'kuona kwanga, imalamulira ntchito yonse yoyika mtengo: pepala limene olitulutsa analilemekeza linawonongedwa, pomwe limene analikana linapulumuka. Banki kapena boma likaombola pepala lake ndi siliva, pepalalo linkabwerera kwa olitulutsa, n'kubooledwa kapena kutenthedwa. Koma pepala limene linatha mphamvu lili m'manja mwa anthu linkangotsala m'mabokosi ndi m'madirowa, popeza panalibe kokalisintha. Zaka za pepala, zimene anthu ambiri amathamangira kufunsa, zimabwera pambuyo pa funso ili lakuti olitulutsa anachita nalo chiyani.

Tisanapitirire, malire a nkhaniyi ayenera kudziwika, chifukwa ogulitsa ena amasakaniza zinthu. Mapepala a ngongole a mfumu Carlos III otchedwa vales reales, amene anayamba mu 1780, komanso ndalama za Banco Nacional de San Carlos, banki yokhazikitsidwa ku Madrid mu 1782, ndi za dziko la Spain lenilenilo. Ndalama zimene Venezuela inatulutsa mu 1811, za Peru mu 1822, ndi za Mexico za m'nthawi ya Agustín de Iturbide ndi za maboma amene anali atakana kale ulamuliro wa Spain. Momwemonso mapepala a República de Cuba a mu 1869 anali a omenyera ufulu otsogozedwa ndi Carlos Manuel de Céspedes, osati a atsamunda. Onsewa ndi olembedwa m'Chisipanishi ndipo amasonkhanitsidwa mwakhama, koma ali m'magulu ena. Zotsala kwenikweni ndi za Cuba, Puerto Rico ndi Philippines, kuphatikizapo zochepa za Santo Domingo, dera limene linabwereranso m'manja mwa Spain kuyambira 1861 mpaka 1865.

Cuba ndiye ili ndi zambiri. Banki ya Banco Español de la Habana inatsegulidwa ku Havana mu 1856 ndipo chaka chotsatira inayamba kutulutsa mapepala a ndalama zikuluzikulu, oyenera amalonda a shuga ndi fodya osati munthu wamba wogula kumsika. Zinthu zinasintha nkhondo ya zaka khumi itayamba mu 1868. Boma la atsamunda linakakamiza bankiyo kusindikiza mapepala ochuluka olipirira nkhondo popanda golide wowaikira kumbuyo, ndalama zachitsulo zinabisidwa, ndipo kuyambira mu 1872 panatuluka timapepala ta masentavo 5, 10, 25 ndi 50 togulira zinthu zazing'ono. Mu 1881 bankiyo inasintha dzina n'kukhala Banco Español de la Isla de Cuba. Kusintha kwa dzinaku kumathandiza woyika mtengo, ngakhale kuti si mpeni wodula pakati ndendende, chifukwa timapepala tina ting'onoting'ono tinapitiriza kutuluka ndi dzina lakale chakachi chitadutsa.

Nkhondo yomaliza yomenyera ufulu, imene inayamba mu 1895, inabweretsa mapepala amene wosonkhanitsa aliyense amayamba kukumana nawo. Ali ndi deti la 15 May 1896, ena 15 February 1897, ndipo a ndalama zochepa anasindikizidwa ndi American Bank Note Company ya ku New York. Ndi okongola: la peso imodzi lili ndi nkhope ya mfumukazi María Cristina kumbuyo kwake, ndipo la mapeso 10 lili ndi ngolo ya ng'ombe ya m'minda ya nzimbe. Ambiri anadindidwa kumbuyo mawu ofiira akuti PLATA, kusonyeza kuti mtengo wake uziwerengedwa m'siliva. Anthu sanawakhulupirire, anatsika mphamvu, ndipo pamene Spain inasiya Cuba mwa pangano la ku Paris la pa 10 December 1898, dziko la United States linakana kusenza ngongole za atsamunda za pachilumbapo. Mapepalawo anatsala ambirimbiri. Zotsatira zake n'zakuti pepala la peso imodzi la mu 1896, ngakhale lapitirira zaka 125, limagulidwa ndi madola ochepa kapena makumi angapo, zimene zimakhumudwitsa anthu amene alipeza m'katundu wa agogo awo n'kumaganiza kuti apeza chuma.

Ku Philippines nkhani inayenda mosiyana. El Banco Español Filipino de Isabel II inakhazikitsidwa ku Manila pa 1 August 1851, m'nthawi ya bwanamkubwa Antonio de Urbiztondo, ndipo pa 1 May 1852 inatulutsa mapepala ake oyamba otchedwa pesos fuertes. Dzina la mfumukazi Isabel II linachotsedwa pa dzina la bankiyo iye atachotsedwa pampando mu 1868. Bankiyi sinagwe pamene ulamuliro wa Spain unatha. Inapitiriza ntchito, inaombola mapepala ake akale, ndipo mu 1912 inatenga dzina lakuti Bank of the Philippine Islands, limene ikudziwika nalo mpaka lero. Kukhulupirika kumeneku ndiko kunachititsa kuti mapepala ake a m'zaka za m'ma 1800 asowe. Onjezanipo chinyezi cha kumeneko, chiswe, ndiponso kuphwasulidwa kwa Manila pa nkhondo ya mu 1945, mumvetsa chifukwa chake pepala la bankiyi la nthawi ya Spain, ngakhale lothaitha, limafika madola masauzande pa okushoni.

Msampha umene umakola ongoyamba kumene ndi wa dzina la Chisipanishi pa pepala limene linatuluka Spain itachoka kale. Mapepala a Banco Español Filipino a mu 1908 anasindikizidwa ku Washington ndi nthambi ya boma la United States yosindikiza ndalama, ndipo ndi a nthawi ya ulamuliro wa America. Banco Español de Puerto Rico, imene inayamba ntchito mu 1890, inapitiriza kugwiritsa ntchito mapepala ake chilumbacho chitatengedwa, atadindidwa mawu akuti Moneda Americana. Sikuti amenewa ndi achabe, ena mwa iwo ndi odula kwambiri, koma wogulitsa amene akuwatchula kuti ndi a ulamuliro wa Spain mwina sadziwa katundu wake, kapena akudalira kuti wogulayo sadziwa.

Ntchito yoyika mtengo imayamba ndi kuzindikira pepala ndendende. Amalonda padziko lonse amagwiritsa ntchito manambala a Pick, otchedwa motero potsatira Albert Pick wa ku Germany amene anayambitsa buku la Standard Catalog of World Paper Money, pomwe ku Spain ambiri amatchulanso manambala a Edifil. Nambala imodzi imagawidwa ndi zilembo a, b, c, ndipo kusiyana kwa mtengo kumabisala m'zilembozo: deti lolembedwa pamanja kapena losindikiza, siginecha za anthu osiyana, chidindo chowonjezera kapena kusowa kwake. Kadzina ka kampani yosindikiza, kolembedwa mwating'onoting'ono m'munsi mwa pepala, kamanena zambiri. Mwachitsanzo, National Bank Note Company inalowa mu American Bank Note Company mu 1879, choncho dzina lake pa pepala la Havana limasonyeza chitsulo chosindikizira chimene chinagobedwa chakacho chisanakwane. Mapepala ena a Cuba, monga a El Tesoro de la Isla de Cuba a mu 1891, anachokera ku kampani ya Bradbury Wilkinson ya ku London.

Chachiwiri ndi kudziwa ngati pepalalo linagwirapo ntchito ngati ndalama. Pali limene linasainidwa, kupatsidwa nambala ndi kulowa m'manja mwa anthu. Pali lotsalira, limene linasindikizidwa koma silinatulutsidwe, ndipo kawirikawiri limakhala lopanda siginecha kapena deti. Pali lachitsanzo, lokhala ndi nambala ya maziro, timabowo ndiponso mawu akuti SPECIMEN kapena MUESTRA. Palinso loyesera, limene osindikiza ankadinda mbali imodzi yokha pa pepala lopyapyala kapena pa katoni kuti aone ngati chitsulo chagobedwa bwino. Magulu anayiwa ali ndi mitengo yosiyana, ndipo palibe lamulo lakuti limodzi limaposa linzake nthawi zonse. Pamene nkhokwe ya American Bank Note Company inayamba kugulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku New York mu 1990, zitsanzo ndi zoyesera za mapepala amene anthu anali asanawaonepo zinatulukira, ndipo pa mitundu ina chitsanzo ndicho chokha chimene munthu angachipeze. Pa mitundu ina zinthu n'zotembenuka: otsalira ndi ambiri, olowadi pamsika ndiwo osowa. Apa mpamene achinyengo amalowera, pakuti munthu amatenga lotsalira n'kulembapo siginecha ndi deti kuti lioneke ngati linagwira ntchito.

Pepala la peso imodzi la Puerto Rico la mu 1895, lotchedwa billete de canje, limaphunzitsa chinthu china chimene ongoyamba amachilakwitsa. Unduna wa ku Madrid woona za maiko a kutsidya kwa nyanja unalitulutsa kuti ligwire ntchito kwakanthawi, pamene ndalama zasiliva za ku Mexico zinkachotsedwa pachilumbapo n'kulowetsedwa m'malo ndi zina zosulidwira Puerto Rico yokha. Monga mapepala ambiri a Chisipanishi a nthawiyo, linasindikizidwa ndi chiputu chake, ngati mmene lilili buku la malisiti, ndipo polipereka mlembi ankalidula n'kusunga chiputucho. Pepala likabwerera, ankaligundanitsa ndi chiputu chake kuti aone ngati mizere yodulidwa ikukumana, njira yosavuta koma yothandiza yogwirira zabodza. Choncho mphepete yokhota kapena yodula pakati pa zilembo si chilema ayi. Mabuku amasiyanitsa lokhala ndi chiputu chathunthu, lokhala ndi mbali yake chabe, ndi lopanda chiputu, ndipo munthu amene angawongole mpheteyo ndi sizasi kuti ioneke bwino wawononga umboni.

Kutsimikiza kuti pepala ndi lenileni kumafuna zala, galasi lokulitsa zinthu ndi kuwala. Makampani a ku New York ankasindikiza ndi chitsulo chogoba, chimene chimasiya inki yotukuka pang'ono, moti chikhadabo chimaimva chikadutsa mopepuka pa chithunzi. Pansi pa galasi mizere ya nkhope ndi ya zokongoletsa imaoneka yakuthwa ndi yosaduka, pomwe kope la makina amakono limaoneka ngati timadontho ta mitundu yosiyanasiyana. Pepala lakale linkapangidwa ndi nsanza za thonje kapena bafuta, ndipo siliwala likaikidwa pansi pa nyali ya UV, chifukwa mankhwala oyeretsa amene amawalitsa mapepala amasiku ano anafala cha m'ma 1950. Inki ya siginecha za pamanja inali ndi chitsulo, choncho m'kupita kwa zaka imasanduka yofiirira ndipo nthawi zina imadya pepala mpaka kuliboola. Mapepala oyambirira a Puerto Rico ndi Santo Domingo ndiwo ovuta kwambiri, popeza anadindidwa ndi zilembo wamba za m'nyumba zosindikizira za m'deralo, ndipo pa iwo woyesa amadalira mtundu wa pepala, zidindo ndi kuyerekeza siginecha ndi za pa zikalata zina za boma za nthawi yomweyo. Tiyeneranso kusiyanitsa chabodza chakale ndi chabodza chatsopano. Chimene chinapangidwa m'zaka za m'ma 1870 kuti chipusitse wamalonda wa ku Havana ndi mbali ya mbiri, ndipo chili ndi ochifuna, makamaka ngati bankiyo inachigwira n'kuchidinda kuti FALSO. Chimene chapangidwa posachedwa kuti chipusitse wosonkhanitsa chilibe mtengo uliwonse.

Kenaka pamabwera kuyesa mmene pepala lasungikira. Bungwe la International Bank Note Society, lokhazikitsidwa mu 1961, lili ndi makwerero oyambira pa pepala losapindidwapo n'komwe mpaka pa lothaitha. Amalonda a ku Spain ali ndi zidule zawo, SC pa limene silinayendepo, EBC, MBC ndi BC motsika choncho. Makampani oyesa monga PMG amapereka nambala ya pakati pa 1 ndi 70 n'kutsekera pepalalo m'chikwama cha pulasitiki, ndipo amawonjezera zilembo EPQ ngati pepala silinasinthidwe mwa njira iliyonse. Woyesa amayang'ana mapindo, ngodya, timabowo ta mapini amene makalaliki ankamangira mapepala, madontho ofiirira a chinyezi, dzimbiri ndi ming'alu ya m'mphepete.

Chimene chimavuta kugwira ndi pepala lokonzedwa. Anthu amachapa mapepala akuda, amawasita kuti mapindo asaoneke, amamata ming'alu ndi ulimbo wopyapyala, ena amabwezeretsa ngodya yoduka ndi kachidutswa ka pepala lina n'kujambulapo mizere. Njira yabwino yozigwirira ndi kuunika nyali chammbali, kuwala kukudutsa chogona pamwamba pa pepala: pindo lositidwa limaonekabe ngati mzere wosalala, ndipo inki imene inayenera kutukuka imapezeka yaphwatalala. Kuliunika kumbuyo kumaonetsa pamene pamatidwa, popeza pamakhala pochindikala. Pepala lochapidwa limataya kukhuthala kwake ndi kaphokoso kake, ndipo nthawi zina limanunkha mankhwala. Kukonza kumene kwachitidwa ndi katswiri pofuna kupulumutsa pepala losowa lomwe likuyoyoka n'kovomerezeka, malinga wogula auzidwe. Kubisa n'kumene kuli chinyengo.

Ndimaona kuti msika wamakono umalemekeza nambala ya woyesa mopitirira muyeso pa ndalama za gulu lino. Pa pepala la Cuba la mu 1896, limene lilipo lambiri, n'zoona kuti kusungika kwake ndiko kumasiyanitsa mtengo, ndipo palibe chifukwa chogulira lothaitha pamene labwino likupezeka. Koma pa pepala la Manila la m'ma 1860, kapena la San Juan la m'ma 1810, munthu amene akudikira losapindidwa adzadikira moyo wake wonse. Pamenepo funso ndi lakuti alipo angati odziwika, angati mwa iwo ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale kumene sadzagulitsidwanso, ndiponso lina lotere linaoneka liti pamsika. Ziwerengero zimene makampani oyesa amafalitsa zimathandiza, koma zimangowerenga mapepala amene anatumizidwa kwa iwo, ndipo pepala limodzi likhoza kuwerengedwa kawiri ngati mwini wake analichotsa m'chikwama n'kulitumizanso pofuna nambala yokwera.

Mtengo wolembedwa m'buku ndi chiyambi chabe, ndipo pa mapepala osowa umakhala wotsalira zaka zambiri. Woyika mtengo wosamala amafufuza ndalama zimene zinalipidwadi pa okushoni za makampani monga Heritage, Stack's Bowers, Spink, kapena Áureo & Calicó ya ku Barcelona, ndipo amayerekeza pepala la mtundu womwewo, la kusungika kofanana, logulitsidwa posachedwa. Amakumbukira kuti mtengo wofalitsidwa kawirikawiri umaphatikiza gawo la kampani yogulitsa, limene wogula amawonjezera ndipo limakhala pafupifupi 20 pa 100 iliyonse kapena kuposerapo, komanso kuti wogulitsa naye amadulidwa gawo lake. Choncho pepala limodzi limakhala ndi mitengo itatu nthawi imodzi: umene wamalonda angapereke lero, umene lingapeze pa okushoni, ndi umene mwini wake angafune kuti inshuwalansi imubwezere likatayika. Ofuna mapepalawa nawonso sachokera kumodzi. Pepala la Puerto Rico limalimbiranidwa ndi osonkhanitsa a ku Spain, a pachilumbapo ndi a ku United States, ndipo anthu awiri olimbikira pa tsiku limodzi akhoza kukweza mtengo kufika pamene sudzafikanso kwa zaka.

Kasungidwe sikafuna zambiri. Pepala liikidwe lotambasuka m'chikwama cha pulasitiki ya poliyesitala, osati ya PVC imene imatulutsa mafuta owononga inki, pamalo ouma, opanda dzuwa, ndipo lisamatidwe ndi tepi kapena kukutidwa ndi makina otenthetsa pulasitiki.

Chotsala ndi mbiri ya umwini ndi malamulo. Pepala limene likudziwika kuti linali m'gulu la wosonkhanitsa wodziwika, ndipo chithunzi chake chili m'kabuku ka okushoni yakale kokhala ndi nambala yomweyo, limakhulupirika kuposa longotulukira, choncho malisiti ndi timapepala tofotokoza tiyenera kusungidwa pamodzi nalo. Umboni womwewo umafunika pamalire a maiko. Lamulo la Spain la mu 1985 loteteza chuma cha mbiri ya dziko limafuna chilolezo chinthu choposa zaka 100 chisanatuluke m'dzikomo, ndipo ndalama zonse za nthawi ya atsamunda zadutsa kale msinkhu umenewo. Dziko la Philippines lili ndi lamulo lake la mu 2009 loteteza zinthu za chikhalidwe, ndipo Cuba nayo imaletsa kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo. Wogula pa okushoni ya ku Madrid kapena ku Barcelona ali kunja ayenera kufunsiratu ngati kampaniyo ndiyo idzapemphe chilolezocho, ndiponso kuwerengera nthawi yodikira ndi ndalama zake asanatchule mtengo.